Bolodi Losafufuta

Ana akamwazikana, fumbi n'kukhala pansi,
mbuzi za a Likwemba n'kubwera kudzanyambita
pomwe panatayikira phala,
m'pamene ntchito yanga imayamba.
Ndine mlonda wa sukulu ino, kuseri kwa Jali:
zipinda zinayi, chachisanu ndi mthunzi wa mango.
Komiti imandilipira mochedwa, mwina ndi chimanga,
ndowa imodzi, yosefukira chaka chikakhala chabwino.

Njerwa za Sitandade 3 ndinaumba nawo.
Lachitatu lililonse, mudzi ndi mudzi,
amayi ndowa pamutu kuchokera kumjigo,
ife matope lekeza m'maondo, chikombole m'manja.
Denga litapita ndi mphepo ya mu Januwale
tinakalitola m'munda wa nandolo wa a Sawasawa
n'kuliwongola ndi miyala.
Limadonthabe, pakona pomwe amakhala obwera mochedwa.

Khoma ndinkalidziwa njerwa ndi njerwa,
koma zonenedwa m'kati mwake, ayi.
Anzanga akuloweza zilembo ine ndinali pa Chilwa
kukoka khoka la matemba ndi atate.
Pepala lililonse lofuna dzina langa
lili ndi chala changa chachikulu, chopaka inki,
chogona pamenepo ngati phazi la mwana pamatope.

Usiku wina mvula inandipirikitsira m'kalasi.
Ndinayatsa tochi ya pafoni.
Bolodi anali ataiwala kufufuta,
bolodi lomwe tinalidetsa tokha
ndi makala ndi masamba a mbatata,
ndipo pamenepo tinthu toyera tinali titandanda
ngati akakowa m'dambo la mpunga.
Pansi ndinatola kachoko, kuchepa ngati njere ya chimanga.
Dzanja lozolowera khasu ndi nkhafi linanjenjemera.
Ndinakopera kamodzi.
Kanatuluka kokhota ngati mbedza.
Mvula itakata ndinatuluka, osafufuta.

M'mawa, rimu ya pamtengo italira,
ana akuthamanga aliyense ndi chikuni chake cha phala,
Mayi Nampeya sanandifunse kanthu.
Anangoyang'ana chala changa,
choyera mpaka m'chikhadabo.

Kuyambira tsiku limenelo
mbali ya kumanzere kwa bolodi sakhudzako nsanza.
Amandisiyira chilembo chimodzi, pambali pake chithunzi:
mphika, khasu, nsomba yooneka ngati tsamba,
poti kujambula si mbali yawo.
Ine ndimalemba m'munsi mwake kasanu, kakhumi,
udzudzu ukundidya akakolo,
batire ikatha ndimadikira mwezi ufike pazenera.
Mawa lake ndimapeza achonga,
kapena azunguliza pomwe ndaphonya.
Ana amayesa n'za mnzawo wina wamanyazi.

Masana ndikagona pakhonde kwathu
mphepo imabweretsa mawu awo kudutsa m'chinangwa:
ma, me, mi, mo, mu,
ine n'kumayankha chamumtima,
mkazi wanga n'kumati ndayamba kubwebweta.

Mwezi wathawu kunali msonkhano wa makolo.
Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka ku phiri la Zomba
za chimbudzi cha atsikana, amene akumbe ndani,
simenti agule ndani, ndalama za chaka chatha zinapita kuti.
Pomaliza mlembi anayendetsa pepala.
Atafika pa ine anandisendezera kabokosi ka inki
osadzutsa n'komwe mutu.
Ndinati, tandibwerekani cholembera.

Zilembo zisanu ndi zitatu zokha,
koma ndinatuluka thukuta ngati ndikugalauza mphanje.
A Likwemba anatsokomola kawiri.
Mayi Nampeya anapeza chochita pazenera.
Makwinja.
Linakwera phiri pang'ono chakumapeto, koma linafika.

Mdzukulu wanga Esinta, wa Sitandade 2,
amene anabwera kudzanditengera mpando,
anasuzumira pansi pa mkono wanga
n'kunong'ona mokweza, onse kumva:
Agogo, k wanu wayang'ana kumbuyo!

Ndinati, msiye mwanawe,
ameneyo ndi mlonda ngati ine,
akuyang'anira kuseri.